Tinasankha dzina la mwana pogwiritsa ntchito foni: zimene zinathandiza ndi zimene zinatidyera nthawi

Pulogalamu ya pafoni yosankhira dzina la mwana ili ndi ntchito imodzi imene imaigwira bwino kwambiri: imachititsa kuti aliyense wa inu awiri anene za kumtima kwake mnzake asakumuyang'ana pankhope. Zina zonse zimene imalonjeza, monga matanthauzo a mayina, kutchuka kwake ndi "dzina loyenera banja lanu", muyenera kuzifufuza nokha. Ine ndi amuna anga tinafika pomvetsa zimenezi mimba itakula kale, ndipo ndikulemba ndondomeko yonse mmene inayendera kuti inu amene mukuyembekezera mudziwe pamene pali phindu ndi pamene nthawi imangothera pachabe.

Poyamba tinkangokambirana pakamwa. Njira imeneyi ili ndi vuto limene silionekera msanga. Wina akatchula dzina limene walisunga mumtima zaka zambiri, mnzake amayankha nthawi yomweyo, ndipo nkhope imayankha pakamwa pasanatseguke. Amene wakanidwa kawiri katatu amasiya kutchula mayina amene amawakondadi, n'kuyamba kupereka amene akuganiza kuti sakanidwa. Ndi mmene zinatithera. Ine ndinatchula dzina limene ndinkalifuna kuyambira ndili mtsikana, amuna anga anangoti, "Aa, limenelo ayi, kuli munthu wina kuntchito," nkhani n'kuthera pomwepo. Zinandiwawa kuposa mmene ndinaonetsera, ndipo kwa nthawi yaitali palibe anayambitsanso nkhani ya dzina.

Cha m'mwezi wachinayi tinaika pulogalamu m'mafoni athu. Mapulogalamu otere alipo angapo, ena odziwika ndi Kinder ndi Babyname, ndipo kagwiridwe kake n'kofanana ndi ka Tinder, pulogalamu yopezera zibwenzi. Pafoni pamabwera dzina limodzi. Mukalikonda mumalikankhira kumanja ndi chala, mukapanda kulikonda mumalikankhira kumanzere. Mnzanu akuchita zomwezo pafoni yake, ndipo palibe amene akuona zimene wina wasankha. Dzina likakankhidwira kumanja ndi nonse awiri, pulogalamu imakudziwitsani kuti mwagwirizana. Kuti zimenezi zitheke, mmodzi amatsegula akaunti n'kutumiza linki kapena manambala achinsinsi kwa mnzake, mnzakeyo n'kulowa kudzera pamenepo. Mukatsegula maakaunti awiri osalumikizana, aliyense azingokankha yekha mpaka kalekale popanda chotuluka.

Musanakankhe dzina ngakhale limodzi, khalani pansi limodzi muone zimene mwasankha pa zosefera. Pulogalamu imafunsa ngati mukufuna mayina a anyamata, a atsikana kapena onse, komanso mndandanda wa mayina a dziko liti kapena chilankhulo chiti. Zosefera zimenezi zifanane pa mafoni onse awiri. Kwa ife sizinafanane: ine ndinali nditasankha mindandanda ina, amuna anga ina, ndiye tinatha masiku tikuweruza mayina osiyana, aliyense akudabwa kuti bwanji sitikugwirizana pa dzina lililonse. Mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza kuti tili kutali kwambiri m'zokonda zathu, chonsecho vuto linali pa batani. Lembaninso dzina la banja ngati pulogalamu ili ndi malo ake, kuti dzina lililonse lizioneka pamodzi ndi dzina limene mwana adzalinyamule moyo wake wonse.

Pali masamu ena amene ndikanakonda kuwadziwa pachiyambi, chifukwa akanandichotsera nkhawa. Tiyerekeze kuti inu mumakonda dzina limodzi pa mayina 10 alionse, mnzanunso chimodzimodzi, ndipo zokonda zanu sizidalirana. Ndiye kuti dzina limodzi lokha pa mayina 100 ndi limene mudzagwirizanepo. Mukadutsa mayina 300 n'kupeza atatu, palibe chalakwika m'banja mwanu, ndi mmene masamu ake alili. Amene amakana kwambiri, mwachitsanzo wokonda dzina limodzi pa 30, amachepetsa mwayi wa onse awiri. Pa gawo limeneli funso lisakhale lakuti "kodi mwana wanga ndingamutchedi dzina ili?" koma lakuti "kodi ndingalole kuti tikambirane za dzina ili?" Kusankha kwenikweni kumabwera pambuyo.

Chala chimatopa, ndipo chikatopa chimayamba kuganiza chokha. Mukapitirira mayina makumi angapo nthawi imodzi mumapezeka mukukankhira kumanzere musanawerenge n'komwe. Mapulogalamu ena salola kubweza dzina limene mwalikana pokhapokha mutalipira. Ndi bwino kuona mayina 30 kapena 40 pa tsiku, n'kuliwerenga lililonse mokweza pamodzi ndi dzina la banja, kusiyana ndi kudutsa 200 usiku umodzi tulo titakana.

Vuto lalikulu la pulogalamu imene ife tinagwiritsa ntchito linali mndandanda wake. Mayina ochokera ku Ulaya ndi ku America analipo ochuluka zedi, koma a m'chilankhulo chathu anali owerengeka, ndipo anali atasakanizidwa m'gulu limodzi ndi mayina a zilankhulo zina zambiri zosagwirizana n'komwe. Komanso mayina monga Chisomo, Mphatso, Tadala kapena Mwayi amapatsidwa kwa mnyamata ndi mtsikana yemwe, koma pulogalamu inkawaika mbali imodzi yokha. Mukasefa kuti muone a atsikana okha, ena mwa mayina otere simuwaona. Ngati mukufuna dzina la chilankhulo chimene sichilembedwa kwambiri pa intaneti, yambani mwafufuza ngati pulogalamuyo imalola kuwonjezera mayina anuanu. Dziwaninso kuti mukawonjezera dzina nokha, chinsinsi chija chimachepa, chifukwa mnzanu akaona dzina lachilendo pakati pa mayina a kunja amadziwa kuti mwaliika ndinu.

Za ndalama ndinene mosabisa. Mapulogalamu ambiri otere amakopedwa mwaulere, kenako amafuna malipiro kuti mutsegule mindandanda ina kapena kuchotsa zotsatsa malonda. Ena amalipiritsa kamodzi, ena mwezi ndi mwezi, ndipo a mwezi ndi mweziwo amayamba ndi masiku oyesera aulere amene akatha ndalama imayamba kudulidwa yokha. Kuchotsa pulogalamu m'foni sikuimitsa malipiro amenewa. Ife tinadulidwa ndalama titasiya kale kuigwiritsa ntchito, ndipo sinabwerere. Pa foni ya Android mumalowa mu Google Play, n'kudina chithunzi chanu, kenako Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Pa iPhone mumalowa mu Settings, n'kudina dzina lanu, kenako Subscriptions. Chitani zimenezi tsiku lomwe mwayamba kuyesa, kapena ikani chikumbutso pafoni tsiku limodzi masiku aulere asanathe. Ndipo mmodzi yekha ayambe walipira, muone kaye ngati malipiro ake akutsegulira mafoni onse awiri.

Chinthu china chimene anthu sachiganizira ndi mafunso amene pulogalamu imafunsa polembetsa: tsiku limene mukuyembekezeka kuchira, imelo, nthawi zina ndi dera limene muli. Posankha dzina, tsiku lochira lilibe ntchito. Amene amalifuna ndi otsatsa malonda a zinthu za ana. Ngati funsolo likudumphika, lidumpheni. Musalowenso kudzera pa akaunti ya Facebook ngati simunauze anthu za mimbayo, ndipo zimitsani mauthenga amene amaonekera foni ili yokiya, chifukwa uthenga wakuti "mwagwirizana pa dzina la mwana" umatha kuwerengedwa ndi aliyense amene wakhala pafupi ndi foni yanu.

Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi tinali ndi kamndandanda ka mayina amene tinagwirizanapo. Tinakawerenga limodzi ndipo panalibe dzina limene linatigwira mtima. Onse anali mayina opanda mlandu, abwinobwino, oti palibe angadandaule nawo komanso palibe angawamenyere nkhondo. Apa m'pamene pali malire a njira yokankha ija: imangodziwa "inde" ndi "ayi". Sisiyanitsa dzina limene mungalilole chabe ndi limene mumalilota usiku. Ndinafunsa amuna anga kuti pa mayinawo limene akulikonda kwambiri ndi liti. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Kunena zoona, ambiri mwa amenewa ndimakankhira kumanja poganiza kuti inu muwakonda." Inenso ndinali nditachita zomwezo pa mayina ena. Ndinakhumudwa ndi miyezi imene inapita, komabe mtima unapepuka, chifukwa kanali koyamba kuti tiuzane zoona pa nkhani imeneyi.

Chenjezo limeneli muuzane pachiyambi penipeni: osasankhira mnzako. Chida chilichonse chosankhira mobisa chimawonongeka aliyense akayamba kulosera maganizo a mnzake, ndipo nonse mumathera pa dzina limene palibe analifuna.

Titatero tinapanga chida chathuchathu, ndipo ndi chimene chinatithandiza. Chimangofuna tebulo la pa Google Sheets kapena Excel, ngakhale pepala ndi cholembera zikukwana. Aliyense alembe payekha mayina 15 mpaka 20 m'kati mwa sabata imodzi, mayina amene akuwafunadi, kuphatikizapo amene anakanidwa kale pakamwa. Muonjezerepo amene munagwirizana pa pulogalamu ija. Kenako mmodzi awasakanize onse n'kuwandandalika motsatira zilembo, A mpaka Z, popanda chizindikiro chosonyeza mwini dzina. Dzina limene lapezeka pa mindandanda yonse iwiri muliike kadontho, chifukwa limenelo layamba kale bwino. Mudzakhala ndi mayina pakati pa 30 ndi 50, ndipo amenewo ndi okwanira. Akapitirira pamenepo mutu umabalalika.

Aliyense atenge kope lakelake la mndandandawo. Musagwiritse ntchito tebulo limodzi n'kubisa danga la mnzanu, chifukwa aliyense amene ali ndi chilolezo cholemba pa tebulolo angathe kutsegula danga lobisikalo, ndipo munthu ukadziwa kuti yankho lili pafupi, kupirira kumavuta. Pa dzina lililonse mupereke malikisi kuyambira 0 mpaka 3. Ziro ndiye kuti "ayi, zivute zitani". 1 ndiye kuti "sindikulikonda koma ndingamve zifukwa". 2 ndiye kuti "ndi labwino". 3 ndiye kuti "ili ndikulifuna". Kuti anthu asamangopereka 2 paliponse pothawa mkangano, gwirizanani kuti aliyense ayenera kupereka 3 pa mayina osachepera asanu. Mukamaliza nonse m'pamene mumaphatikiza makope awiriwo, nthawi imodzi.

Pophatikiza, chulukitsani malikisi, musawawonkhetse. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukawonkhetsa, dzina limene wina wapereka 3 wina 0 limapeza 3, mofanana ndi limene lapeza 2 ndi 1, chonsecho loyambalo munthu mmodzi walikaniratu. Mukachulukitsa, loyambalo limapeza 0 n'kuchoka lokha popanda wina kukweza mawu. Dzina la 3 ndi 1 limapeza 3, la 2 ndi 2 limapeza 4, la 3 ndi 2 limapeza 6, la 3 ndi 3 limapeza 9. Amene muyenera kuwayang'anitsitsa ndi a 6 ndi 9, chifukwa pamenepo pali munthu mmodzi kapena onse awiri amene akulikonda dzinalo ndi mtima wonse. A 4 ndi mayina opanda mlandu aja. Asungeni pambali, koma asakhale patsogolo.

Ziro ali ndi mphamvu yochuluka, choncho afunika lamulo lake. Ife tinagwirizana kuti aliyense ali ndi ufulu wokana mayina atatu popanda kufotokoza chifukwa. Pali zifukwa zina zimene munthu safuna kuzikumba, monga dzina la amene anamuzunza ali mwana kapena la chibwenzi chakale, ndipo si bwino kumukakamiza. Kupitirira atatuwo, ziro aliyense ankafuna chifukwa chonenedwa pakamwa. Apa panatuluka zinthu zimene pulogalamu sikanazitulutsa. Dzina langa lija la kuutsikana linabweranso. Amuna anga analipatsa 1, osati 0, ndipo titakambirana zinapezeka kuti munthu wa kuntchito uja si amene anali vuto. Chimene sankachikonda ndi chidule chimene anthu amakonda kulidulira dzinalo. Nkhani ya chidule ndi yokambirana, pomwe "ayi" wa tsiku loyamba uja anali atatseka khomo.

Titatsala ndi mayina asanu ndi atatu tinawapikisanitsa awiriawiri. Mumatenga mayina awiri okha n'kufunsa kuti pakati pa awa ndi liti, kenako ena awiri, mpaka dzina lililonse litakumana ndi linzake lililonse. Munthu zimamuvuta kuika mayina asanu ndi atatu pamzere wa kukonda, koma kusankha pakati pa awiri n'kosavuta. Musayambe njira imeneyi mayina akadali ambiri. Mayina 8 amatulutsa mipikisano 28, mayina 10 amatulutsa 45, ndipo mayina 20 amatulutsa 190. Tinalemba dzina lililonse pa kapepala kake, aliyense n'kumalemba yankho lake mobisa, kenako tinawerenga kuti dzina lililonse lapambana kangati. Anatsala anayi.

Mayina anayiwo ndi amene tinawafufuza mozama, ndipo ndikulangiza kuti kufufuza kuzibwera pa gawo limeneli. Mukayamba kufufuza mayina 50 mutopa musanafike pakati.

Choyamba ndi tanthauzo. Matanthauzo a m'mapulogalamu ndi pa masamba ambiri a mayina a ana amangokopedwa kuchokera pa tsamba lina kupita pa linzake, ndipo cholakwa chimodzi chimafalikira paliponse mpaka kuoneka ngati choona. Kupeza tanthauzo lomwelo pa masamba asanu si umboni. Pa mayina a Chihebri, Chigiriki, Chilatini, Chiarabu ndi zilankhulo za ku Ulaya, tsamba la Behind the Name, limene linayamba mu 1996, limafotokoza mawu amene dzina linachokerako, ndipo likakhala kuti chiyambi cha dzina sichidziwika bwino limanena choncho. Pa dzina la chilankhulo chanu kapena cha mnzanu, funsani anthu awiri kapena atatu amene anakula akuchilankhula, makamaka achikulire. Musangofunsa kuti limatanthauza chiyani. Funsaninso kuti munthu akalimva amaganiza chiyani, chifukwa dzina likhoza kukhala ndi tanthauzo lokoma koma n'kumakumbutsa anthu za maliro kapena za mkangano wa m'banja. Mapulogalamu a AI ocheza nawo amathandiza kutulutsa maganizo, mwachitsanzo mukawauza kuti akupatseni mayina a maphatikizo atatu oyamba ndi T. Koma pa matanthauzo a zilankhulo zimene zili ndi zolembedwa zochepa amatha kupeka yankho n'kulinena molimba mtima ngati loona. Ine ndinapatsidwa tanthauzo lokongola la dzina lina, ndipo munthu woyamba wodziwa chilankhulocho amene ndinamufunsa anati mawu otero kulibe.

Chachiwiri ndi kutchuka. Mapulogalamu amakonda kuonetsa nambala yosonyeza kuti dzina lili pa malo achingati, koma nthawi zambiri nambala imeneyo ndi ya dziko limodzi. Ku United States, bungwe la Social Security Administration limatulutsa mndandanda chaka ndi chaka, ndipo zolemba zake zimabwerera mpaka 1880. Kumeneko Liam ndi Olivia anali patsogolo chaka chilichonse kuyambira 2019 mpaka 2023. Ku England ndi Wales mndandanda umatulutsidwa ndi Office for National Statistics. Powerenga mindandanda imeneyi dziwani kuti kalembedwe kosiyana kamawerengedwa padera, moti Sophia ndi Sofia ali pa mizere iwiri ngakhale m'kalasi amamveka ngati dzina limodzi. Dziwaninso kuti mndandanda wa ku United States suonetsa dzina limene laperekedwa kwa ana osakwana asanu m'chakacho. Ngati simukhala m'maiko amenewo, manambalawa sakukuuzani chilichonse za ana amene mwana wanu adzakhale nawo m'kalasi. Mphunzitsi wa ana aang'ono kapena namwino amene amaona makanda tsiku ndi tsiku angakuuzeni zenizeni m'mphindi ziwiri.

Chachitatu ndi kamvekedwe, ndipo gawo ili ndi limene ndinalikonda. Jambulani mawu anu pafoni mukutchula dzina lonse, loyamba ndi la banja, kenako mumvetsere mawa lake. Khutu limagwira zimene diso laphonya: dzina lothera ndi phatikizo lomwe dzina la banja likuyambira, mayina awiri amene akalumikizana amapanga mawu ena oseketsa kapena otukwana, dzina limene lilime limapunthwa nalo ukalitchula mofulumira. Liitaneni mokweza monga mmene mungaitanire mwana amene ali patali, mulinenenso motsitsa monga potonthoza. Kenako imbirani foni munthu amene sanalimvepo, mulitchule kamodzi, n'kumupempha kuti alilembe pa meseji. Akalemba molakwika, ndipo wachiwirinso n'kulakwitsa, dziwani kuti mwana wanu adzakhala akukonza anthu moyo wake wonse. Dzina limodzi mwa anayi athu linagwera pamenepa. Lembaninso zilembo zoyamba za mayina onse motsatana muone chimene zikupanga, ndipo lembani zidule zonse zimene anzake angalidulire, zabwino ndi zoipa zomwe. Pomaliza lembani dzina lonse pa Google muone ngati pali munthu wodziwika ndi mbiri yoipa amene ali ndi dzina lomwelo.

Chachinayi ndi zikalata, chimene makolo ambiri amachikumbukira mochedwa. Pansi pa tsamba la chithunzi mu pasipoti pali mizere iwiri yowerengedwa ndi makina, uliwonse wa malo 44, motsatira muyezo wa bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse. Mayina onse pamodzi ali ndi malo 39 okha pa mzere woyamba, ndipo akatalika kuposa pamenepo amadulidwa. Pa mizere imeneyi sipalembedwa zizindikiro za pamwamba pa zilembo, choncho ŵ kapena é zimasanduka zilembo wamba, ndipo kachizindikiro konga ka mu ng' kamachotsedwa. Makompyuta ambiri a mabanki, masukulu ndi ndege amavutikanso ndi zizindikiro zotere, moti munthu amapezeka ali ndi kalembedwe kawiri ka dzina lake pa zikalata zosiyana. Sindikunena kuti muthawe mayina otere, ine ndimawakonda. Ndikunena kuti musankhe mukudziwa, ndipo mugwirizane kalembedwe kamodzi kamene mudzakagwiritse ntchito paliponse. Mayina apakati atatu kapena anayi ofuna kusangalatsa mbali zonse za banja amabweretsa vuto lomweli la malo.

Malamulo amasiyananso dziko ndi dziko, ndipo pulogalamu sikuuzani. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, pa ndime 7, limati mwana alembetsedwe akangobadwa ndipo ali ndi ufulu wokhala ndi dzina kuyambira pa kubadwa. Koma nthawi yolembetsera ndi mayina ololedwa zimatengera kumene muli. Ku England ndi Wales makolo ali ndi masiku 42, ku Scotland 21. Ku Iceland kuli komiti ya mayina, imene inakhazikitsidwa mu 1991, yomwe imaunika dzina limene silili pa mndandanda wovomerezeka. Ku New Zealand mayina onga maudindo, monga King ndi Prince, amakanidwa. Ngati mukukhala kunja kwa dziko lanu kapena mwana adzakhala nzika ya maiko awiri, funsani ku ofesi yolembetsa ana mimba isanafike kumapeto.

Nkhani ya achibale inatipweteka pang'ono. Titatsala ndi mayina atatu tinaika kavoti pa gulu la banja la pa WhatsApp, poganiza kuti tikuwalemekeza. Mavoti a pa WhatsApp amaonetsa amene wavotera chiyani, ndiye posakhalitsa zinasanduka mbali ziwiri, akuchimuna ndi akuchikazi. Dzina limene ife tinkalikonda kwambiri linapeza mavoti ochepa, ndipo wina analemba nthabwala imene inandikhala m'mutu masiku ambiri. Ukapempha anthu kuti avote amaona ngati wawapatsa mphamvu yogamula, ndipo ukasankha zosiyana ndi voti yawo amamva kuti wawanyoza. Apongozi anga anandiimbira foni n'kundifunsa modekha kuti, "Nanga mwana wanga, munatifunsiranji ngati munali mutasankha kale?" Funso lawo linali loona. Malo abwino a achibale ndi koyambirira. Apempheni agogo ndi azakhali kuti apereke mayina awo pa nthawi imene mukusonkhanitsa mndandanda woyamba uja, muwauze momveka kuti mayinawo alowa pamodzi ndi ena onse ndipo ogamula ndinu awiri. Akatero amakhala kuti amvedwa, ndipo nthawi zina dzina labwino limachokeradi kwa iwo. Mayina omaliza musawaike pa voti.

Za nthawi yake, sikani imene imatha kuonetsa ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi imachitika kawirikawiri pakati pa masabata 18 ndi 22. Nthawi zina mwana amakhala atagona moti sizioneka, ndipo nthawi zina wounika amalakwitsa. Choncho ngakhale mwauzidwa, sungani dzina limodzi la mbali inayo, kapena dzina loyenera onse. Mimba imawerengedwa masabata 40, koma kuyambira pa sabata 37 mwana akhoza kubwera tsiku lililonse, ndipo ena amabwera asanafike n'pamenepo. Ndikanayambiranso, ndikanasonkhanitsa mayina cha m'masabata 14 mpaka 20, kupereka malikisi pofika sabata 26, kufufuza anayi omaliza pofika sabata 30, n'kutseka nkhani pofika sabata 34. Pakati pa magawo amenewa pazikhala sabata imodzi kapena ziwiri zosakamba za dzina, chifukwa dzina limene lakusangalatsani Lolemba limatha kuzizira pofika Lachisanu, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo mwana asanabadwe. Ife tinachedwa ndi miyezi imene tinataya pokankha mayina, moti magawo omalizawa tinawachita mothamanga, ine miyendo itatupa ndipo tulo tikuvuta. Munthu wotopa amangovomera chilichonse kuti nkhani ithe.

Mwana anabwera tsiku limene tinauzidwa lisanakwane, tili ndi mayina awiri m'manja. Sindikuona cholakwika kufika ndi awiri, bola onse akhale kuti adutsa m'mayeso onse aja ndipo nonse mukuwakonda. Tinali titagwirizana kale kuti tikapanda kumvana m'masiku awiri oyamba, amene dzina lake silinatengedwe ndiye adzasankhe dzina lapakati. Lamulo lotere limapangidwa mitima ili m'malo, osati m'chipatala. Sitinafike poligwiritsa ntchito, chifukwa tonse tinatchula dzina limodzi, lija la kuutsikana wanga, ndipo chidule chake anasankha ndi bambo ake.

Mayina omalizawo muwalembe pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, kalembedwe kake ndendende, n'kuliika m'chikwama chopita nacho kuchipatala pamodzi ndi zikalata zanu. Foni imatha moto, ndipo amene akudzaza fomu akhoza kulemba mmene wamvera. Musanasaine fomu iliyonse yolembetsera mwana, werengani dzinalo chilembo ndi chilembo, nonse awiri ngati n'kotheka, chifukwa kukonza chilembo chimodzi pa chiphaso cha kubadwa chikatuluka kumafuna mafomu ena, nthawi, ndipo m'malo ambiri ndalama. Pulogalamu ija musanaichotse m'foni, jambulani mndandanda wa mayina amene munagwirizana kuti mudzaugwiritse ntchito mtsogolo, muone kuti malipiro aimadi, kenako mufufute akaunti yonse kuchokera m'kati mwa pulogalamuyo.